Kamuzu ndi atsogoleri oyamba a Malawi: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amabwera mobwerezabwereza m'makalasi a sekondale, pa mawailesi likayandikira tsiku la Kamuzu, ngakhalenso pa siwa anthu akamacheza usiku. Ambiri mwa iwo ali ndi mayankho odziwika bwino, koma kwa zaka 30 kuwayankha poyera kudali kuika moyo pachiswe. Pamene anthu adaletsedwa kufotokoza mbiri, mphekesera zidatenga malo, zina zotamanda, zina zonyoza.

Kodi Malawi adalandira ufulu mu 1964 kapena mu 1966?

Ufulu wodzilamulira udabwera pa 6 Julaye 1964, tsiku limene Nyasaland idasanduka Malawi. Koma nthawi imeneyo Kamuzu adali nduna yaikulu chabe, udindo umene adaulandira pa 1 Febuluwale 1963. Mutu wa dziko idali Mfumukazi Elizabeth II, ndipo woiimira kuno adali bwanamkubwa Sir Glyn Jones. Pa 6 Julaye 1966 ndi pamene dziko lidakhala lipabuliki, Kamuzu nkukhala pulezidenti woyamba, ndipo malamulo atsopano a chaka chimenecho adakhazikitsa chipani chimodzi. Upulezidenti wamuyaya udabwera pambuyo pake, mu 1971.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi tsiku la 6 Julaye lenilenilo, chifukwa ndi tsikunso limene Kamuzu adatera pa bwalo la ndege la Chileka mu 1958.

Kodi nkhondo yomenyera ufulu idayamba ndi Kamuzu?

Ayi. Ngakhale titasiya pambali John Chilembwe ndi kuukira kwa mu 1915, bungwe la Nyasaland African Congress lidakhazikitsidwa mu 1944, Kamuzu ali ku Britain. Amene adathamangathamanga kulumikiza timabungwe ta m'maboma kuti tikhale chinthu chimodzi adali James Frederick Sangala, yemwe nkhope yake ili pa ndalama ya K100, ndipo pulezidenti woyamba adali Levi Mumba. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakakamizidwa mu 1953, mafumu ndi anthu wamba adachikana. Inkosi ya Makhosi Gomani II ya ku Ntcheu idachotsedwa pampando chifukwa cha kukanako. Mu 1956 Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume adalowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba, ndipo zoyankhula zawo zinkawerengedwa ndi kukambidwa m'midzi.

Izi sizitanthauza kuti Kamuzu adangotulukira pa zophikaphika. Ali ku London ankathandiza Congress ndi ndalama, ankalandira nthumwi zake, adapita ku msonkhano wa anthu akuda wa ku Manchester mu 1945, ndipo adalemba zotsutsa chitaganya chisadakhazikitsidwe nkomwe. Adali mmodzi mwa omenya nkhondoyo, koma sadaiyambitse, ndipo pamene inkafika povuta m'zaka za m'ma 1950 iye adali ku Kumasi m'dziko la Ghana.

Nanga adamuitana kuti abwere ndani?

Anyamata a mu Congress, makamaka Chipembere, Chiume ndi Dunduzu Chisiza, pamodzi ndi T.D.T. Banda amene adali pulezidenti wa bungwelo ndipo adakakumana naye ku Ghana mu 1957. Vuto lawo lidali lodziwika: anyamata atatuwo adali a zaka za m'ma 20, ndipo mafumu ndi madoda sakadatsata ana. Ankafuna munthu wachikulire, wophunzira kwambiri, woti azungu amupatse ulemu, komanso wosadetsedwa ndi mikangano ya m'chipani. Chipembere adamulembera mosabisa mawu kuti ndale zimafuna munthu woti anthu azimutamanda ngati mpulumutsi, ndipo kuti iwo adzamutchukitsa choncho. Kalata imeneyi idatchulidwa mu lipoti la woweruza Patrick Devlin, amene adafufuza za chipwirikiti cha 1959.

Kamuzu adavomera, koma adapereka lamulo lake: akhale pulezidenti wa Congress ndipo asankhe yekha akuluakulu a komiti. Pa msonkhano wa ku Nkhata Bay mu Ogasiti 1958 adapatsidwa zonsezo. Mbewu ya mkangano wa nduna wa 1964 idadzalidwa pamenepo. Anyamatawo ankaganiza kuti apeza nkhalamba yoti izioneka kutsogolo iwo akugwira ntchito, pamene nkhalambayo inkadziwa bwino mphamvu imene yapempha.

Kodi Kamuzu adabadwa chaka chiti?

Boma linkanena kuti pa 14 Meyi 1906, ndipo tsiku la Kamuzu limakumbukiridwabe pa 14 Meyi. Chaka cha 1906 nchovuta kuchikhulupirira. Kamuzu adachoka ku Kasungu cha m'ma 1915 atayamba kale kukonzekera zauphunzitsi, ndipo mwana wa zaka 9 sakadachita zimenezo. Akatswiri ambiri a mbiri amaika kubadwa kwake cha m'ma 1898. Atamwalira pa 25 Novembala 1997 ku Garden City Clinic ku Johannesburg, zaka zimene zidatchulidwa zidali 99. M'midzi ya nthawi imeneyo palibe amene ankalemba masiku obadwa, choncho tsiku ndi mwezi zidachita kusankhidwa.

Adayendadi wapansi kuchoka ku Kasungu mpaka ku Joni?

Adayendadi wapansi, koma osati mpaka ku Johannesburg ulendo umodzi monga ana ankaphunzitsidwira. Adayamba wakhala ku Hartley ku Southern Rhodesia, tauni imene lero ikutchedwa Chegutu, kumene adagwira ntchito pa chipatala. Amalume ake a Hanock Msokera Phiri adamupeza kumeneko ndipo adapitira limodzi ku South Africa cha m'ma 1917, koyamba ku mgodi wa malasha ku Natal, kenako ku Boksburg kumene adakhala kalaliki ndi womasulira pa mgodi. Mu 1925 mpingo wa African Methodist Episcopal udamuthandiza kupita ku America.

Tisaiwale kuti njira ya wapansi yopita ku Halale idali ya anyamata zikwizikwi a ku Nyasaland m'zaka zimenezo, ndipo ambiri sadabwerere. Chachilendo pa Kamuzu si kuyendako, koma kuti mnyamata wa pa mgodi adakafika ku yunivesite.

Kodi nzoona kuti Kamuzu weniweni adafera kunja, ndipo amene adabwera mu 1958 adali munthu wa ku America dzina lake Richard Armstrong?

Ili ndi funso limene limafunsidwa kuposa onse, ndipo yankho lake ndi lakuti palibe umboni ngakhale umodzi. Palibe kalata ya imfa, manda, chithunzi kapena wachibale wa Armstrong amene adaonekapo. Umboni wotsutsa mphekeserayi ndi wochuluka.

Choyamba, moyo wa Kamuzu kunja ulibe mpata woti munthu wina alowepo. Ku yunivesite ya Chicago, kumene adamaliza maphunziro mu 1931, iye ndi amene ankapereka mawu ndi ziganizo kwa Mark Hanna Watkins, wolemba buku la galamala ya Chichewa lotuluka mu 1937, ndipo Chichewa cha m'bukulo ndi cha ku Kasungu. Ku Edinburgh adakumananso ndi mmishonale T. Cullen Young amene adamudziwa ali mnyamata kuno kumudzi, ndipo awiriwa adamasulira limodzi nkhani zolembedwa m'Chinyanja, zimene zidatuluka m'buku mu 1946. Ku London nyumba yake inkalandira mafumu, ophunzira ndi nthumwi za Congress zochokera ku Nyasaland. Munthu wonamizira akadayenera kupusitsa anthu onsewa kwa zaka zoposa 20.

Chachiwiri, pobwera mu 1958 adapeza abale ake ali moyo, kuphatikizapo a Hanock Phiri amene adayenda naye ku Joni. Malume sangasokoneze mphwake amene adagona naye m'nyumba imodzi ku mgodi.

Chachitatu, adani ake adali ndi chifukwa chokwanira choululira chinsinsi chotere chikadakhalapo. Boma la atsamunda ndi la chitaganya lotsogozedwa ndi Roy Welensky ku Salisbury lidafufuza moyo wake wonse kufuna chomunyozera. Chipembere ndi Chiume adalemba zambiri zomudzudzula ali ku ukapolo wa ndale. Palibe mmodzi mwa onsewa amene adanena kuti si Kamuzu.

Nanga mphekeserayi idakula bwanji? Munthu adachoka ali mnyamata, nkubwera patatha zaka zoposa 40 atavala suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa, akuyankhula Chingerezi chokhachokha, wopanda mkazi kapena mwana woonekera. Nkhanza zitachuluka, zidali zopepukirapo kumtima kunena kuti wochita zoterezi si mwana wa kuno. Maganizo amenewo ngomveka, koma amatinamiza. Kamuzu adali Mmalawi, ndipo amene ankamanga, kumenya ndi kuulula anzawo m'dzina lake adalinso Amalawi.

Ngati adali Mchewa, nchifukwa chiyani ankayankhula kudzera mwa womasulira?

Atakhala zaka zambiri chotero kunja, Chichewa chake choyankhula chidali chitafooka, ndipo munthu wodzisunga ngati iye sakadalola kupunthwa lilime pamaso pa gulu. Chingerezi chinkamupatsanso ulemerero pamaso pa azungu ndi pa anthu ake omwe. Womasulira wake wotchuka adali John Msonthi, kenako John Tembo. Koma amene adapezekapo pa misonkhano yake amakumbukira kuti ankadula womasulira pakati nkumukonza mawu, ndipo ankalowetsa mawu ndi miyambi ya Chichewa m'zoyankhula zake. Munthu wosadziwa chiyankhulo sangakonze womasulira. Ndi iyenso amene adalimbikitsa kuti msonkhano wa chipani wa 1968 ukhazikitse Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, chigamulo chimene chidachotsa Chitumbuka pa wailesi ndipo anthu a kumpoto akuchimvabe kuwawa.

Udokotala wake udali weniweni?

Inde. Adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku Tennessee mu 1937, ndipo mu 1941 adapeza ziphaso za ku Scotland zomuloleza kugwira ntchito m'maiko a Britain. Adachiza anthu ku Liverpool, North Shields ndi London, kenako ku Kumasi. Atabwera kuno adatsegula chipatala chake ku Limbe, kumene mayi Cecilia Kadzamira adayamba kugwira naye ntchito ngati namwino.

Kodi a Congress adakonzadi zopha azungu mu 1959?

Ichi ndi chifukwa chimene boma la atsamunda lidapereka polengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti pa 3 Malichi 1959. Bwanamkubwa Sir Robert Armitage adamanga Kamuzu m'bandakucha nkumutumiza ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, kumene adakhala pamodzi ndi Chipembere ndi abale awiri a Chisiza, Dunduzu ndi Yatuta. Ena adatsekeredwa ku Khami pafupi ndi Bulawayo ndi ku Kanjedza ku Limbe. Omangidwa onse adapitirira 1,000.

Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin lidapeza kuti pa msonkhano wa kutchire wa pa 25 Januwale 1959, umene Kamuzu sadapezekepo, padakambidwadi zoononga katundu ndi zachiwawa, koma padalibe chikonzero chopha azungu monga boma linkanenera. Lidapezanso kuti anthu akuda 51 adaphedwa, ndipo palibe mzungu amene adafa. Lipotilo lidati Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, mawu amene adachititsa manyazi boma la Britain.

Imfa zochuluka zidachitikira ku Nkhata Bay, kumene asilikali adawombera anthu amene adasonkhana padoko pofuna kuti abale awo otsekeredwa mu sitima ya Mpasa amasulidwe. Devlin adawerenga anthu 20, pamene anthu a kumeneko amatchula oposa 30. Amenewa ndiwo timawakumbukira pa 3 Malichi.

Adayambitsa Malawi Congress Party ndani?

Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda wa ku Nyasaland. Congress italetsedwa, iye adatulutsidwa m'ndende msanga, ndipo pa 30 Sepitembala 1959 adakhazikitsa chipani chatsopano mothandizidwa ndi ena, kuphatikizapo Aleke Banda amene adali mnyamata wa zaka pafupifupi 20. Kamuzu adali akadali ku Gwelo. Chirwa adanena kuyambira pachiyambi kuti akungosungira mpando, ndipo Kamuzu atatulutsidwa pa 1 Epulo 1960 adamupatsa utsogoleri. Pa chisankho cha Ogasiti 1961 chipanicho chidapambana mipando 22 mwa 28. Zimene zidamuchitikira woyambitsa chipaniyu zili pa funso la kumene ndunazo zidathera.

Kodi Dunduzu Chisiza adaphedwa?

Chodziwika ndi ichi: kumayambiriro kwa Sepitembala 1962 galimoto yake idapezeka itagwa pa mlatho wa Thondwe, pa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, iye atafa ali ndi zaka 32. Kafukufuku wa boma adati idali ngozi. Palibe umboni umene udatulukapo wosonyeza kuti wina adamupha.

Anthu amakayikabe pa zifukwa zomveka. Dunduzu adali mlembi wamkulu wa chipani komanso wachiwiri mu unduna wa zachuma, ndipo miyezi iwiri m'mbuyomo adachititsa msonkhano waukulu wa akatswiri a zachuma ochokera m'maiko osiyanasiyana, umene udamutchukitsa kwambiri. Adalinso atalemba poyera za ngozi yoti atsogoleri a maiko atsopano a mu Africa asanduke olamula mwankhanza. Kusagwirizana kwake ndi Kamuzu pa nkhani za ngongole ndi chitukuko kudali kodziwika. Ndipo patatha zaka 21, ngozi yabodza ya ku Mwanza idaphunzitsa Amalawi kuti galimoto yogwa m'phompho ikhoza kukhala chophimbira. Koma kukayika si umboni. Woona mtima anene kuti imfayi idasowetsa dziko munthu woganiza mozama kuposa onse a m'gulu lake, ndipo aimire pomwepo.

Mkangano wa nduna wa 1964 udayamba chifukwa chiyani?

Padangopita masabata asanu ndi awiri chilandirire ufulu pamene nduna zidamuunjirira Kamuzu pa msonkhano wa pa 26 Ogasiti 1964. Madandaulo awo adawalemba ali ku Kuchawe pa phiri la Zomba, ndipo adali ambiri.

Kamuzu adalamula kuti odwala azilipira tiki (mapeni atatu) m'zipatala za boma, chinthu chimene anthu a m'midzi sadachiyembekezere ku boma lawolawo. Adavomereza lipoti la Skinner lokhudza malipiro, limene ogwira ntchito m'boma achikuda adaliona ngati lowapondereza, ndipo sankafulumira kuchotsa azungu pa maudindo akuluakulu ponena kuti Amalawi odziwa ntchito adali ochepa. Pa zakunja, ankagwirizana ndi Apwitikizi a ku Mozambique chifukwa katundu wa Malawi ankadzera ku Beira, ndipo adakana kuzindikira boma la China la ku Peking ngakhale kuti lidalonjeza thandizo la mapaundi 18 miliyoni kudzera mwa kazembe wake ku Dar es Salaam. Padalinso nkhani ya lamulo lomanga anthu popanda kuwazenga mlandu, imene idachititsa nduna yachizungu Colin Cameron kutula pansi udindo mkangano waukulu usadaphulike.

Pansi pa zonsezi padali nkhani ya ulemu. Kamuzu ankasunga maunduna ambiri m'manja mwake, ankagamula zinthu osafunsa, ndipo pagulu ankatchula nduna zake kuti anyamata ake. Awa adali amuna amene adamuitana, ena mwa iwo adamangidwa naye.

Poyamba adaoneka ngati agonja, mpaka adaganizako zotula pansi udindo. Kenako adasintha. Pa 7 Sepitembala adachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi John Msonthi adatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawo, ngakhale Msonthi adabwerera posakhalitsa. Chipembere adali ku Canada, ndipo atafika adatulanso pansi udindo. Pa 8 ndi 9 Sepitembala Nyumba ya Malamulo idakambirana nkhaniyi ndipo idavomereza kuti ikumukhulupirira Kamuzu. Ngakhale ndunazo zidayankhula zomulemekeza m'Nyumbamo, poganiza kuti mpata wogwirizananso udalipo. Udalibe.

Ena amati mkanganowu udali wa zigawo, poti ambiri mwa ochotsedwa adali a kumpoto ndi kumwera, ndipo olowa m'malo mwawo ambiri adali a chigawo chapakati. Madandaulo a ku Kuchawe sadali a zigawo ayi. Koma zotsatira zake zidakhaladi choncho, ndipo kukayikirana kumene kudayamba pamenepo kukuonekabe pa zisankho.

Nanga ndunazo zidathera kuti? Kodi zidalidi zigawenga?

Mu Sepitembala 1964 sizidali zigawenga. Zidali nduna zotsutsana ndi mtsogoleri wawo pa tebulo la boma. Awiri mwa iwo adatenga zida pambuyo pake, njira zina zitatsekedwa. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 Chipembere ndi anthu ake adalanda boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, nkuyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde adapeza bwato lowolotsa magalimoto lili tsidya lina la Shire, ndipo asilikali adawapeza asadawoloke. Chipembere adathawira ku America, adakhalako ku Tanzania, ndipo adamwalira ndi matenda a shuga ku Los Angeles mu 1975. Mmodzi mwa omutsatira, Medson Silombela, adanyongedwa ku Zomba mu 1966 anthu oitanidwa akuonerera. Yatuta Chisiza adalowa m'dziko ndi kagulu ka zida mu Okutobala 1967 ndipo adaphedwa ndi asilikali cha ku Mwanza.

Chiume adakhala ku Tanzania zaka 30, nkubwerera mu 1994. Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa adagwidwa pa 24 Disembala 1981 m'malire a Zambia ndi Malawi. Adazengedwa mlandu woukira boma ku khoti la mafumu, kumene loya sankaloledwa, ndipo mu 1983 adaweruzidwa kuti aphedwe. Maiko akunja atadandaula, chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton adafera m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992, ndipo mayi Vera adatulutsidwa mu Januwale 1993.

Chilango sichidathere pa iwo okha. Abale awo, anthu a m'midzi yawo, aphunzitsi ndi makalaliki oganiziridwa kuti ankawakonda adachotsedwa ntchito, kumangidwa kapena kuthawa. Kutchula dzina la Chipembere kudali mlandu.

Akadapambana a Chipembere, kodi Malawi akadakhala dziko la demokalase?

Apa pamafunika kusamala, chifukwa chiyambire 1994 pabadwa nkhambakamwa yatsopano yoti ndunazo zidali zoyera ngati angelo. Kulimba mtima kwawo nkosakayikitsa, ndipo zimene adaona mwa Kamuzu zidachitikadi. Koma nyumba imene idawagwera adathandiza okha kuimanga. Ndiwo adaphunzitsa anthu kuti wotsutsa Kamuzu ndi mdani wa dziko. Pakati pa 1960 ndi 1964 zipani zing'onozing'ono, monga cha Chester Katsonga, zidaopsezedwa ndi kumenyedwa ndi achinyamata a chipani, iwo ali akuluakulu a chipanicho. Pa chisankho cha 1964 mipando yonse 50 ya anthu wamba idapita kwa MCP popanda wopikisana naye, ndipo a Mboni za Yehova adayamba kuzunzidwa chaka chomwecho asadaletsedwe mu 1967. Ambiri mwa iwo sankatsutsa za chipani chimodzi, poti maiko oyandikana nafe amene ankawasirira, monga Tanzania, ankapita komweko.

Chimene ankafuna chidali ulamuliro wokambirana m'kati mwa chipani, Amalawi kukwezedwa msanga pa ntchito, ndi kuima pamodzi ndi omenyera ufulu a kumwera kwa Africa. Kusiyana kumeneko si kochepa, ndipo mwina magazi ambiri sakadakhetsedwa. Koma kunena kuti akadabweretsa zipani zambiri ndi kuwaveka malaya a 1993.

Amayi adali kuti m'nkhani yonseyi?

Adalipo kuyambira kale, asadasandutsidwe mbumba yovina pa bwalo la ndege. Mayi Rose Chibambo adayamba kusonkhanitsa amayi ku Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kuti akane chitaganya, ndipo adatsogolera gulu la amayi la Congress. Mu 1959 adamangidwa atangochira kumene, ndipo adalowa m'ndende ndi khanda lawo. Adakhala mayi woyamba kulowa m'Nyumba ya Malamulo komanso kukhala wachiwiri kwa nduna. Atachotsedwa mu 1964 adathawira ku Zambia kumene adakhala zaka 30. Lero nkhope yawo ili pa K200. Mayi Vera Chirwa adali m'gulu loyambitsa MCP ndi bungwe lake la amayi, ndipo adakhala loya woyamba wamkazi wa dziko lino.

Kodi nzoona kuti boma linkagulitsa magazi a anthu ku South Africa?

Mphekesera imeneyi idabuka pakati pa 1968 ndi 1970, pamene anthu oposa 30 adaphedwa mwankhanza usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Nthawi yomweyo Malawi adali atangokhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, ndipo dzikolo lidapereka ngongole yomangira likulu ku Lilongwe. Anthu adalumikiza ziwirizi nkumati ngongoleyo ikubwezedwa ndi magazi. Palibe umboni wa zimenezo. Ubalewo udali weniweni: nduna yaikulu ya dzikolo John Vorster adabwera kuno mu 1970, ndipo Kamuzu adakacheza ku South Africa mu 1971, pamene Amalawi zikwizikwi ankagwira ntchito m'migodi kudzera ku Wenela.

Zotsatira za imfa za ku Chilobwe zidali zazikulu. Khoti lalikulu litamasula oganiziridwa oyamba, boma lidapatsa makhoti a mafumu mphamvu zoweruza milandu ya kupha, ndipo pambuyo pake ya kuukira boma. Makhoti omwewo ndiwo adadzaweruza a Chirwa. Nduna ina yamphamvu ya kumwera, Gomile Kumtumanji, idamangidwa pa nkhani yomweyi ndipo idafera m'ndende.

Chitukuko chimene amatamandidwa nacho nchoona kapena ndi mabodza a wailesi?

Zambiri nzooneka ndi maso: Yunivesite ya Malawi imene idatsegulidwa mu 1965, njanji yolumikiza dziko ndi doko la Nacala mu 1970, likulu latsopano ku Lilongwe mu 1975, msewu wa m'mbali mwa nyanja, Kamuzu Academy mu 1981. Chuma chidakula bwino m'zaka za m'ma 1970. Koma kukulako kudatsamira pa minda ikuluikulu ya fodya ndi tiyi. ADMARC inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika, phindu nkupita ku minda ya akuluakulu ndi ku kampani ya Press imene idali m'manja mwa Kamuzu. Mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mawu oti palibe amene ankagona ndi njala ankanenedwa chifukwa kunena kuti kuli njala kudali koopsa. Onse awiri, woloza msewu ndi woloza mlimi wosauka, akunena zoona.

Kodi Kamuzu ankadziwa za nkhanza, kapena ankachita ndi anthu omuzungulira? Adapepesapo?

Mawu oti Ngwazi sinkadziwa amamveka kawirikawiri, ndipo m'zaka zomaliza, atakalamba kwambiri, nzoona kuti ena ankachita zinthu m'dzina lake. Koma kumanga anthu popanda mlandu, kulanda katundu ndi makhoti a mafumu zidakhazikitsidwa iye ali ndi mphamvu zake zonse, ndipo ankanena yekha pa misonkhano kuti otsutsa adzakhala chakudya cha ng'ona.

Mlandu umene udafika kukhoti ndi wa ku Mwanza. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa m'galimoto pa msewu wa ku Thambani. Boma lidati idali ngozi. Bungwe lofufuza la 1994 lidapeza kuti adaphedwa ndi apolisi, galimotoyo nkukankhidwira kuphompho. Kamuzu, John Tembo ndi ena adazengedwa mlandu wokonza chiwembu, ndipo mu Disembala 1995 khoti lidawamasula chifukwa umboni wosonyeza amene adalamula sudakwane. Mwalamulo sadapezeke olakwa, ndipo mwalamulo palibe amene adalangidwa chifukwa cholamula imfa za anthu anayiwo.

Pa 4 Januwale 1996 padatuluka chikalata m'dzina la Kamuzu chopepesa kwa aliyense amene adazunzika mu ulamuliro wake, kaya ndi anthu ochita zinthu m'dzina lake, kaya ndi iye mwini modziwa kapena mosadziwa. Sichidatchule munthu kapena mlandu uliwonse. Malamulo a dziko a 1994 adakhazikitsa bwalo lapadera lopereka chipukuta misozi kwa ozunzidwa, ndipo anthu zikwizikwi adalembetsa. Bwalolo lidapatsidwa zaka 10 zokha, ndipo lidatsekedwa ambiri mwa olembetsawo asadalandire ndalama zawo zonse.